Madzi a Mtsinje wa Thames ndi Mliri wa Kolera mu Mzinda wa London

M'chaka cha 1801, pamene boma la Britain lidachita kalembera wa anthu ake kwa nthawi yoyamba, mzinda wa London udali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Pofika chaka cha 1851 chiwerengerocho chidali chitapitirira mamiliyoni awiri, ndipo padalibe mzinda wina pa dziko lonse lapansi umene ukadalingana nawo kukula ngakhale chuma. Zombo zinkafika padoko pake zitasenza tiyi, shuga, thonje ndi katundu wina wochokera ku maiko akutali. Koma mzinda wolemerawu udali ndi vuto limene eni ake sankafuna kulitchula pagulu. Khamu lonselo linkafuna madzi akumwa tsiku ndi tsiku, ndiponso tsiku ndi tsiku linkadzithandiza. Madzi akumwawo ankatungidwa mu mtsinje wa Thames, umene umadutsa pakati pa mzindawo, ndipo zonyansa za anthuwo zinkathera mu mtsinje womwewo.

Zinthu sizidayambe choncho. Kale nyumba iliyonse inkakhala ndi dzenje lake la chimbudzi, lokumbidwa kuseri kwa nyumba kapena pansi pa nyumba penipeni, ndipo maenje otere adalipo pafupifupi 200,000. Dzenje likadzaza, mwini nyumba ankaitana amuna amene ntchito yawo idali yotapa zonyansazo usiku ndi zidebe, kuzikweza pangolo ndi kukazigulitsa kwa alimi ngati manyowa. Mzinda utakula, minda idatalikira ndipo mtengo wa ntchitoyi udakwera. M'zaka za m'ma 1840 alimi adayambanso kugula manyowa a zitosi za mbalame ochokera ku Peru, motero malonda a otapa zimbudzi adalowa pansi. Eni nyumba za lendi, makamaka m'madera a anthu osauka, ankangosiya maenjewo asefukire. Zonyansa zinkalowerera m'nthaka, zina n'kumayenderera m'zipinda zapansi momwe mabanja ankagona.

Nthawi yomweyo anthu opeza bwino adayamba kukonda zimbudzi zogejemula ndi madzi. Chimbudzi chotere n'chaukhondo m'nyumba, koma madzi ake ankadzaza dzenje msanga kwambiri. Pansi pa misewu ya London padali kale ngalande, koma zidamangidwira madzi a mvula okha, ndipo kutayiramo zonyansa za m'nyumba kudali kulakwira lamulo. M'chaka cha 1815 lamulolo lidafewetsedwa, anthu n'kuloledwa kulumikiza nyumba zawo ku ngalandezo. Walira mvula walira matope. Nyumba za olemera zidayera, koma ngalande zonse zinkatsikira ku Thames, ndipo mtsinje umene kale asodzi ankaphamo nsomba zamitundumitundu udayamba kuda ndi kununkha.

Pali chinthu china chokhudza mtsinjewu chimene munthu wozolowera mitsinje ya kumtunda sangachiganizire. Ku London madzi a Thames sayenda molunjika kunyanja tsiku lonse. Kawiri pa tsiku nyanja imakwera n'kukankha madzi a mtsinjewo kubwerera kumtunda, kenaka imaphwa, madzi aja n'kutsikanso. Motero chonyansa chimene chatayidwa m'mawa sichinkapita. Chinkangoyendayenda pamaso pa mzinda kwa masiku ambiri. Mu madzi omwewa ndi momwe makampani angapo a anthu amalonda ankapopa madzi ndi makina oyendera nthunzi, n'kumawagulitsa kudzera m'mapaipi. Kampani imodzi, ya Chelsea, idayamba kusefa madzi ake ndi mchenga m'chaka cha 1829 potsata nzeru za injiniya wake James Simpson, koma ena ankangowasiya madziwo adikhe pang'ono, kapena kuwatumiza monga momwe adawatungira. Madziwo ankatuluka maola ochepa chabe, ndipo osati tsiku lililonse. Amene sakadatha kulipira ankatunga pa mijigo ya m'misewu, imene idali zitsime zosazama zokhala ndi pampu ya manja. M'chaka cha 1850 dokotala wina, Arthur Hassall, adayang'ana madzi a makampaniwa pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono, nasindikiza zithunzi za tamoyo ndi zinyalala zimene adaziona. Anthu adanyansidwa, komabe adapitiriza kumwa, popeza kudalibe kwina kotunga.

Kolera adafika ku England m'chaka cha 1831, atayenda pang'onopang'ono kuchokera ku India kudzera ku Russia ndi maiko ena a ku Ulaya. Adalowera padoko la Sunderland, ndipo chaka chotsatira adafika mu London ndi kupha anthu oposa 6,000. Matendawa Amalawi amawadziwa bwino, pakuti mliri wa m'zaka za 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wodwala amatsegula m'mimba mosalekeza, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga, amasanza, maso amalowa m'kati, khungu limachita makwinya, ndipo munthu amene adadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, n'chifukwa chake masiku ano odwala ambiri amapulumuka pongomwetsedwa madzi a mchere ndi shuga. Madokotala ambiri a nthawi imeneyo sankadziwa zimenezi. Ena ankachotsa magazi odwala, ena n'kumawapatsa mankhwala otsegula m'mimba, kuonjezera moto pa moto.

Za gwero la matendawa, ophunzira ambiri adali ndi chikhulupiriro chimodzi: kuti matenda amabwera ndi mpweya woipa wochokera ku zinthu zoola. Maganizowa sadali opusa kwenikweni. Aliyense ankaona kuti kumene kukununkha kwambiri ndi kumenenso maliro akuchuluka, ndipo mphuno ndi mboni imene munthu amaikhulupirira msanga. Mtsogoleri wa anthu a maganizowa adali Edwin Chadwick, munthu wakhama ndi wouma mutu, amene m'chaka cha 1842 adalemba lipoti lodzudzula uve wa m'madera a anthu ogwira ntchito. Lipotilo lidathandiza kwambiri kudzutsa boma. Koma popeza Chadwick ankaopa fungo koposa china chilichonse, bungwe loyang'anira ngalande limene lidakhazikitsidwa mu 1848 lidalimbikira kutseka maenje a zimbudzi ndi kutsukira zonse za m'ngalande mu Thames. Ankati akupulumutsa anthu, pamene ankawathirira matenda m'chikho. Mliri wa 1848 ndi 1849 udapha anthu oposa 14,000 mu London mokha.

Mmodzi mwa anthu ochepa amene sadakhutire ndi nkhani ya mpweyayi adali John Snow. Iye adabadwira ku York m'chaka cha 1813, mwana wa munthu wogwira ntchito yamanja, ndipo adayamba kuphunzira udokotala ali ndi zaka 14 pothandizira dokotala wina ku Newcastle. Pa mliri woyamba uja, asanakwanitse zaka 20, adatumidwa kukasamalira anthu okumba malasha ku Killingworth. Kumeneko adaona kuti anthuwo ankakhala pansi pa nthaka maola ambiri popanda zimbudzi, ndipo ankadyera komweko osasamba m'manja. Atasamukira ku London adatchuka pa luso logoneka odwala ndi mankhwala pochita opaleshoni, kotero kuti mu 1853 adaitanidwa kukathandiza Mfumukazi Victoria pamene inkabereka. Ntchitoyi idamuphunzitsa bwino mmene mpweya umalowera m'thupi. Tsono ankadzifunsa kuti: ngati kolera amalowa ndi mpweya, bwanji sayambira m'mapapo? Bwanji amayambira m'mimba? M'chaka cha 1849 adasindikiza kabuku kofotokoza kuti poizoni wa kolera amalowera pakamwa, amachulukana m'matumbo, amatuluka ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo akafika m'madzi akumwa amagwira anthu ambiri nthawi imodzi. Madokotala anzake adati maganizowo ngosangalatsa koma alibe umboni.

Umboniwo udabwera ndi makampani a madzi eni ake, mosadziwa. Kummwera kwa mtsinje kudali makampani awiri amene ankalimbirana makasitomala, ya Lambeth ndi ya Southwark and Vauxhall. Mapaipi awo ankadutsa m'misewu imodzimodzi, kotero kuti nyumba iyi inkamwa madzi a kampani ina, yoyandikana nayo n'kumamwa a inzake. Poyamba onse awiri ankatunga m'kati mwa mzinda. Koma mu 1852 kampani ya Lambeth idasamutsira malo ake otungira kumtunda, ku Thames Ditton, kumene zonyansa za London sizinkafika, pamene inzake ija idatsalira ku Battersea. Kolera atabweranso mu 1853 ndi 1854, Snow adaona kuti apa padali mwayi wosowa. Anthu pafupifupi 300,000, olemera ndi osauka, ana ndi akulu, ankapuma mpweya umodzi ndi kuyenda m'misewu imodzi. Chosiyana chidali madzi okha.

Adatenga maina a omwalira ku ofesi ya kalembera nayamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa kuti madzi a panyumbapo ngochokera ku kampani iti. Ntchitoyi idali yotopetsa, ndipo anthu ambiri a lendi sankadziwa n'komwe yankho, poti ankalipira ndi mwini nyumba. Apa Snow adapeza njira ina. Madzi a ku Battersea adali ndi mchere wambiri kuposa a ku Thames Ditton, choncho ankatunga pang'ono m'kabotolo, n'kukawayeza kunyumba kwake ndi mankhwala. Zotsatira za masabata asanu ndi awiri oyamba a mliri wa 1854 zidali izi: m'nyumba 40,046 zomwa madzi a Southwark and Vauxhall mudamwalira anthu 1,263, pamene m'nyumba 26,107 zomwa madzi a Lambeth mudamwalira anthu 98. Kunena kwina, pa nyumba 10,000 zilizonse, kampani yoyambayo idali ndi maliro 315, inzakeyo 37.

Ali m'kati mwa kafukufukuyu, tsoka lidagwa pafupi ndi kwawo. Usiku wa pa 31 Ogasiti 1854 kolera adabuka mu Soho, dera lothithikana la amisiri ndi amalonda ang'onoang'ono, ndipo m'masiku khumi okha anthu oposa 500 adamwalira m'misewu yochepa yozungulira Broad Street. Mabanja ena adatheratu. Mitembo inkanyamulidwa pangolo, ndipo amene adali ndi kothawira adatseka zitseko nathawa. Pomwe mliriwo unkatha, omwalira adakwana 616.

Pamphambano ina ya Broad Street padali mjigo umene madzi ake ankatamandidwa kuti ngozizira ndi okoma, moti anthu ena ankadutsa mijigo yapafupi ndi kwawo kudzatunga pamenepo. Snow adaukayikira nthawi yomweyo. Adatunga madziwo nawayang'anitsitsa, koma sadaone chodetsa nkhawa kwenikweni. Adali oyera kuposa a mijigo ina. Munthu wina akadagwa ulesi pomwepo. Iye adapitanso ku ofesi ya kalembera, natenga maina 83 a anthu amene adamwalira m'masiku atatu oyamba, nayamba kuyendera nyumba zawo. Pa anthu 83 amenewa, 73 ankakhala kufupi ndi mjigo wa Broad Street kuposa mjigo wina uliwonse. Pa khumi otsalawo, abale a anthu asanu adamuuza kuti omwalirawo ankakonda kutumiza anthu kukatunga ku Broad Street, ndipo atatu adali ana a sukulu amene ankadutsa pa mjigowo popita kukaphunzira.

Chidwi chachikulu cha Snow chidali pa anthu amene akadayenera kufa koma sadafe, ndi amene sakadayenera kufa koma adafa. Mu Poland Street, pakati penipeni pa maliro, mudali nyumba ya boma yosungiramo anthu osauka 535. Malinga ndi nzeru ya mpweya woipa, amenewa ndiwo akadayamba kutha, koma adamwalira asanu okha. Nyumbayo idali ndi chitsime chakechake. Mu Broad Street momwemo mudali fakitale yofulula mowa ya antchito oposa 70, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adamwalira; mwini wake adati anyamata ake amapatsidwa mowa pantchito ndipo sapita ku mjigo. Koma pa fakitale ina yapafupi, imene inkasunga migolo ya madzi a pamjigowo kuti antchito azimwa, anthu 18 adamwalira. Ndiye padali mayi wina wamasiye amene ankakhala ku Hampstead, mtunda wa makilomita angapo, kumene kudalibe kolera. Mayiyu adakhalapo mu Broad Street kale ndipo sadaiwale kukoma kwa madzi ake, motero ana ake ankamutumizira botolo lalikulu pangolo tsiku lililonse. Adamwa madzi otungidwa pa 31 Ogasiti, namwalira pa 2 Sepitembala. Wachibale wina wa m'banjamo amene adadzacheza namwa nawo madziwo adakamwalirira kwawo ku Islington.

Madzulo a pa 7 Sepitembala Snow adakaonekera pamaso pa akuluakulu oyang'anira dera la St James nawafotokozera zonsezi. Sadakhulupirire kwenikweni, koma adalibe nzeru ina, ndipo kutseka mjigo sikudafune ndalama. M'mawa mwake chogwirira cha mjigowo chidachotsedwa. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati kuti mliri udaleka tsiku lomwelo chifukwa cha chogwiriracho. Sizidali choncho, ndipo Snow mwiniwake adavomera kuti matenda adali atayamba kale kuchepa, poti anthu ambiri adali atathawa. Ngakhale mapu ake otchuka aja, oonetsa timizere takuda pa nyumba iliyonse ya maliro titaunjikana mozungulira mjigo, adawajambula pambuyo pake pofuna kukopa anthu okayika. Chimene chidamutsogolera ku mjigo si mapu, koma maganizo amene adali nawo kwa zaka zisanu ndi miyendo yake.

Funso limodzi lidatsala: kodi poizoniyo adalowa bwanji m'chitsime? Amene adaliyankha adali munthu amene poyamba ankatsutsana ndi Snow. Henry Whitehead adali m'busa wachinyamata wa tchalitchi cha St Luke m'deralo, ndipo pa masiku a mliri ankayenda nyumba ndi nyumba kupempherera odwala. Ankawadziwa anthuwo ndi maina, ndipo iye mwini adamwako madzi a pamjigowo osadwala. Adayamba kafukufuku wake ndi cholinga choonetsa kuti dokotalayo walakwitsa. Adalondola ngakhale mabanja amene adasamuka, nawafunsa mobwerezabwereza za madzi amene adamwa. Mayankho atachuluka, adapeza kuti akutsimikiza zomwe adafuna kugwetsa, ndipo adali ndi mtima wovomera. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Tsiku lina akuwerenga m'kaundula wa maliro adaona dzina la khanda la miyezi isanu la pa nyumba nambala 40 mu Broad Street, limene lidayamba kutsegula m'mimba pa 28 Ogasiti, masiku atatu mliri usanabuke. Mayi wa khandalo adamuuza kuti ankaviika matewera m'ndowa, madziwo n'kumawataya m'dzenje la chimbudzi la kumaso kwa nyumba. Mu Epulo 1855 malowo adakumbidwa. Njerwa za dzenjelo zidapezeka zitafumbwa, ndipo kuchokera padzenjepo kufika pa chitsime sipadakwane ndi mita imodzi yomwe. Dothi la pakati pake lidali lonyowa ndi zonyansa.

Whitehead adazindikiranso chinthu china. Bambo wa khanda lija adayamba kudwala kolera pa 8 Sepitembala, tsiku lomwe chogwirira chidachotsedwa, ndipo madzi ochapira zovala zake ankatayidwa m'dzenje lomwe lija. Mjigo ukadakhala wotsegula, anthu obwerera kuchokera kothawa akadamwanso imfa kachiwiri.

Umboni wonsewu sudasunthe akuluakulu a zaumoyo. Komiti ya boma imene idafufuza za mliriwu idalemba mu 1855 kuti sikuona chifukwa chokhulupirira maganizo a Snow, ndipo idabwerera ku mpweya woipa. Chogwirira chija chidabwezedwa pa mjigo. Zifukwa za kukanaku zidali zingapo. Snow sakadatha kuonetsa poizoniyo ndi maso. Akuluakuluwo adali atamanga mbiri yawo pa chiphunzitso china. Komanso kunena kuti anthu a mzinda wotsogola pa dziko lonse akumwa chimbudzi cha anzawo kudali kochititsa manyazi kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1854, ku Florence m'dziko la Italy, Filippo Pacini adaona kachilombo kooneka ngati kakoma m'matumbo a anthu ofa ndi kolera nalemba za iko, koma zolemba zakezo sizidalabadiridwe. Snow adamwalira mu Juni 1858 ali ndi zaka 45. Magazini ya madokotala ya The Lancet idalengeza imfa yake m'mizere yochepa, osatchulamo kolera.

Mwezi womwewo kudatentha kwambiri ku London. Madzi a Thames adachepa, zonyansa za m'mphepete mwake zidayamba kuwira padzuwa, ndipo fungo lidakuta mzinda wonse. Zaka zitatu m'mbuyomo katswiri wa sayansi Michael Faraday adali atachenjeza kale m'nyuzipepala ya The Times, atagwetsa timapepala toyera mu mtsinjewo n'kuona tikuzimirira tisanamire ndi chala chimodzi chomwe. Palibe chidachitika. Koma tsopano fungolo lidalowa m'Nyumba ya Malamulo, imene idamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Makatani adaviikidwa m'mankhwala opha fungo, koma sizidathandize, ndipo aphungu ankatuluka m'zipinda za misonkhano atatseka mphuno ndi mipango. Anthu zikwi makumi atatu amene adafa m'miliri itatu sadathe kufulumizitsa aphunguwa, koma fungo la masabata ochepa lidatha. Benjamin Disraeli, nduna ya zachuma, adabweretsa bilu pa 15 Julayi, ndipo pa 2 Ogasiti idasanduka lamulo lololeza kubwereka mapaundi mamiliyoni atatu omangira ngalande zatsopano.

Ntchitoyi idaperekedwa kwa injiniya Joseph Bazalgette. Nzeru yake idali yosavuta kuimvetsa ngakhale idali yovuta kuichita. Ngalande zakale zinkatsetsereka kulunjika ku mtsinje; iye adamanga ngalande zikuluzikulu zoyenda motsata mtsinjewo, kumpoto ndi kummwera kwake, kuti zizidula njira ya zakalezo ndi kulandira zonyansa zisanafike m'madzi. Ngalande zazikuluzi zidatalika makilomita oposa 130, ndipo zing'onozing'ono za m'misewu pafupifupi makilomita 1,800. Padalowa njerwa zoposa mamiliyoni 300, zomangidwa ndi simenti imene inkayesedwa mphamvu isanagwiritsidwe ntchito. Kumene nthaka idali yotsika adaikako makina akuluakulu opopa, monga a ku Crossness amene adatsegulidwa mu 1865. Zonyansazo zinkatengedwa kupita kumunsi, ku Beckton ndi ku Crossness, n'kumatayidwa mu mtsinje pa nthawi imene madzi akutsikira kunyanja. Sizinkayeretsedwa ayi, zinkangotayidwa kutali ndi mzinda, ndipo anthu a kumunsiko adadandaula kwa zaka zambiri. Ngalandezi zidamangidwa pofuna kuthana ndi fungo, potsata chiphunzitso cholakwika, komabe zidachita chimene Snow ankafuna: zidalekanitsa chimbudzi ndi madzi akumwa.

Mbali inayo ya ntchito idali m'manja mwa makampani a madzi. Lamulo la 1852 lidawalamula kuti pofika Ogasiti 1855 aleke kutunga m'chigawo cha Thames chimene nyanja imafikamo, ndiponso kuti azisefa madzi awo. Koma lamulo lolembedwa silisefa madzi. Mu 1866 kolera adabweranso ndi kupha anthu oposa 5,500, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa mzinda, kumene ngalande zatsopano zidali zisanathe. William Farr, katswiri wa ziwerengero ku ofesi ya kalembera, amene kale ankakhulupirira za mpweya woipa, adaona kuti maliro akutsata mapaipi a kampani imodzi, ya East London. Akuluakulu a kampaniyo adakana, nanena kuti madzi awo onse ngosefedwa. Koma anthu ena adapeza nsomba za mikunga m'mapaipi a m'nyumba zawo, ndipo mkunga sungadutse mumchenga wosefera. Pofufuza kudapezeka kuti madzi atachepa, kampaniyo idatsegulira m'mapaipi madzi osasefa a m'madamu osavindikira a ku Old Ford, pafupi ndi mtsinje wakuda wa Lea. Kuyambira pamenepo Farr adakhala mmodzi mwa oteteza maganizo a Snow. Umenewu udali mliri womaliza wa kolera mu London, ndipo chaka chomwecho mjigo wa Broad Street udatsekedwa kotheratu.

Kachilombo kaja kadapezekanso mu 1884, pamene Robert Koch wa ku Germany adakaona m'matumbo a odwala ku Calcutta ndiponso m'dziwe limene anthu ankamwa ndi kuchapamo. Otsutsa adalipobe, mpaka mzinda wa Hamburg udapereka phunziro lowawa mu 1892. Hamburg inkamwa madzi osasefa a mtsinje wa Elbe, ndipo anthu oposa 8,000 adamwalira m'masabata ochepa. Mzinda woyandikana nawo wa Altona unkatunga mu mtsinje womwewo, kumunsi kumene zonyansa za Hamburg zinkadutsa, koma unkasefa madzi ake ndi mchenga, ndipo udapulumuka kwakukulu. M'malo ena mizinda iwiriyi inkalekana ndi msewu wokha: mbali ina maliro, mbali ina bata.

Ku London boma lidafika pozindikira kuti madzi a anthu mamiliyoni sangasiyidwe m'manja mwa amalonda opikisana. Mu 1904 makampani aja adalandidwa ntchito ndi bungwe la boma la Metropolitan Water Board, limene lidakhazikitsa nthambi yoyeza madzi nthawi ndi nthawi pofufuza tizilombo, osati pongoyang'ana kuyera kapena kulawa kukoma kwake. Mkulu wa nthambiyo, Alexander Houston, ndiye adathira klorini m'madzi a mzinda wa Lincoln mu 1905 pofuna kuthetsa mliri wa taifodi, ndipo mu 1916 London nayo idayamba kuthira mankhwalawa m'madzi ake. Ngalande za Bazalgette zikugwirabe ntchito, ngakhale kuti anthu adachuluka kuposa mmene iye adawerengera, moti mvula ikagwa yambiri zinkasefukiranso mu Thames. Ichi n'chifukwa chake kudakumbidwa ngalande ina yaikulu ya makilomita 25 pansi pa mtsinjewo, imene idamalizidwa mu 2025.

The Lancet idakonza cholakwa chake mu 2013, patatha zaka 200 chibadwire Snow, posindikiza mbiri yake yonse ndi kuvomera kuti chilengezo cha 1858 chija chidali choperewera. Broad Street masiku ano imatchedwa Broadwick Street. Pamalo pamene padali chitsime chija paimikidwa chifanizo cha mjigo wachitsulo wopanda chogwirira, ndipo nyumba yoyang'anizana nacho ndi malo omwera mowa otchedwa John Snow, dzina la munthu amene kwa zaka zambiri za moyo wake sankalawa mowa.